Opaleshoni yochepetsa kunenepa pogwiritsa ntchito loboti: momwe imachitikira

Balaka: Anthu ambiri a m'maboma a Balaka ndi Machinga amaona kunenepa ngati chizindikiro chakuti munthu akupeza bwino. Koma achipatala amati kunenepa kopitirira muyezo ndi matenda omwe amabweretsa shuga, kuthamanga kwa magazi ndi mavuto a mtima, makamaka kwa anthu ogwira ntchito zokhala pansi tsiku lonse mu ofesi.

Kafukufuku wa zaumoyo wa m'chaka cha 2015-16 adapeza kuti amayi 21 mwa amayi 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 49 m'dziko muno ankalemera kuposa muyezo, pamene ana 37 mwa ana 100 osaposa zaka zisanu anali opinimbira. Izi zikutanthauza kuti unduna wa zaumoyo uli ndi mavuto awiri otsutsana nthawi imodzi.

M'maiko ena, munthu yemwe walephera kutsitsa thupi posintha zakudya, masewero olimbitsa thupi kapena mankhwala, amatha kuchitidwa opaleshoni ya chifu. Njira imodzi ndi yodula chifu m'litali n'kuchotsapo pafupifupi magawo atatu mwa magawo anayi, kotero kuti chotsalacho chimaoneka ngati nthochi. Ina ndi yosoka kathumba kakang'ono kumtunda kwa chifu n'kukalumikiza ku matumbo, kuti chakudya chizilambalala gawo lalikulu la chifucho. Munthuyo amakhuta msanga, njala imachepa, ndipo kwa ambiri shuga amatsika.

Opaleshoniyi siya aliyense wonenepa. Madotolo amagawa makilogalamu a munthu ndi msinkhu wake wa m'mamita atauchulukitsa ndi iwo womwe, n'kupeza nambala yotchedwa BMI. Mwachitsanzo, munthu wotalika mamita 1.7 yemwe akulemera makilogalamu 110 ali pa 38. Malangizo a mabungwe a madotolo a opaleshoniyi a m'chaka cha 2022 amati munthu angaganiziridwe akafika pa 35, kapena pa 30 ngati ali ndi matenda monga shuga.

Dzina lakuti loboti limasocheretsa ambiri, chifukwa makinawo sachita kanthu paokha. Dotolo amakhala pa mpando chapatali pang'ono ndi wodwala, m'chipinda chomwecho, n'kumaona m'mimba kudzera pa kamera yokuza zinthu. Zala zake zikasuntha, mikono ya makinawo imasuntha zipangizo zomwe zalowetsedwa pa timabowo tating'ono ta pamimba. Zipangizozo zimapindika ngati dzanja la munthu ndipo makinawo amachotsa kunjenjemera kwa manja, zomwe zimathandiza posoka mkati mwa mimba ya mafuta ambiri.

Opaleshoni yoyamba ya kunenepa yogwiritsa ntchito makina otere idachitika mu 1998 ku Brussels m'dziko la Belgium, ndipo adaichita ndi madotolo Guy-Bernard Cadière ndi Jacques Himpens. Makina odziwika kwambiri a da Vinci adavomerezedwa ku America mu 2000. Ku South Africa adayamba kugwira ntchito mu 2013 pa chipatala china chomwe si chaboma ku Pretoria, pa matenda a njira ya mkodzo.

Vuto ndi mtengo. Makina amodzi amaposa madola 1 miliyoni, kuphatikiza apo pamafunika zipangizo zosinthasintha, akatswiri owakonza ndi magetsi osazimazima. Ngakhale zili choncho, kafukufuku wambiri waonetsa kuti zotsatira zake sizisiyana kwenikweni ndi za opaleshoni ya timabowo yomwe dotolo amagwira yekha zipangizo, yomwenso ndi yotsikirapo mtengo.

Pa chipatala cha boma la Balaka ndi cha Machinga ku Liwonde makinawa palibe. Opaleshoni zambiri kumeneko ndi zothandiza amayi pobereka ndi zina zadzidzidzi, ndipo odwala ofunika akatswiri amatumizidwa ku chipatala chachikulu cha Zomba.

Wogwira ntchito m'boma yemwe akuganiza zokachitidwa opaleshoniyi kunja ayenera kudziwa kuti ntchito yaikulu imayamba akabwera. Kwa masabata oyamba amangomwa zamadzimadzi, kenako phala ndi zakudya zofewa, ndipo mitanda ya nsima yomwe adazolowera sangaimalizenso. Amafunika kumwa mavitamini moyo wake wonse ndi kuyezetsa magazi kawirikawiri. Malo osokedwa akadontha, zomwe zimachitika kwa ochepa m'masiku oyambirira, pamafunika dotolo wa opaleshoni mwachangu, choncho ndi bwino kugwirizana ndi chipatala chomwe chidzamuyang'anire kuno asananyamuke.