Mukaona nkhombe zikuluzikulu zokha mu Kafue, funsani komwe kuli ana ake

Madzi a mtsinje wa Kafue akamaphwera cha mu September ndi October, m'mbali mwake mumatsala thope lakuda lomwe limang'aluka ndi dzuwa. Mukayenda pathopepo maso ali pansi, mupeza zigoba zoyasama pawiri ngati zikhatho za mwana amene akulandira mphatso. Kunja n'zakuda kapena zobiriwira, zokhala ndi mizere yokhota yotsatana, pomwe m'kati n'zosalala ndi zonyezimira. Izi ndi nkhombe, abale ake a nkhono okhala ndi zigoba ziwiri. Makolo ankazidziwa bwino, pakuti amayi oumba ankasalazira nazo miphika ndi mitsuko dothi lisanaume.

Tauni ya Kafue, yomwe ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kumwera kwa Lusaka, inakula chifukwa cha mtsinjewu. Mlatho wa njanji unaoloka pamenepa mu 1906. Dziko litalandira ufulu, boma linasankha malowa kukhala a mafakitale: Nitrogen Chemicals of Zambia inayamba kupanga feteleza mu 1970, kunabwera fakitale ya nsalu ya Kafue Textiles, ya zikopa, ndipo pambuyo pake yosungunula zitsulo. Ena mwa madzi amene anthu a mu Lusaka amamwa amapopedwa pa Iolanda, pafupi ndi tauni yomweyi. Onsewa akhala akutunga mu mtsinje umodzi, ndipo pansi pa mtsinjewo pali nkhombe zomwe zimamwa madzi omwewo usana ndi usiku.

Kanyama kopanda mutu

Akulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma pa nkhombe ngakhale mudekhe chotani simungaone diso. Ilibe mutu. Ili ndi phazi limodzi looneka ngati lilime, lomwe imakumbira m'thope ndi kudzikokera pang'onopang'ono. M'madzi osaya mungathe kuona kanjira komwe yasiya, kokhala ngati mwana walemba ndi chala, ndipo kumapeto kwa kanjirako mupeza nkhombeyo itaimirira, theka lili m'thope. Pamwamba pamaoneka timabowo tiwiri. Kamodzi kamakoka madzi, kena kamawatulutsa. Madziwo amadutsa m'ziwalo zopumira, zonga makha a nsomba, zomwe zimagwira ndere zosaoneka ndi maso ndi tinyenyeswa tina. Nkhombe yaikulu imatha kusefa malita makumi angapo pa tsiku.

Pali chinthu china chofunika kuchimvetsa msanga. Nkhombe sizifalitsa likodzo. Tizilombo ta likodzo timakulira mu nkhono za chigoba chimodzi chopotana, za mitundu ya Bulinus ndi Biomphalaria. Komabe zonsezi zimatha kupezeka m'madzi amodzi, choncho wolowa m'dambo kukatola nkhombe akhoza kutenga likodzo kuchokera m'madzimo.

M'mitsinje ya chigwa cha Zambezi, chomwe Kafue ndi mbali yake, muli nkhombe za magulu angapo, ndipo gulu lililonse lili ndi kaberekedwe kake. Timagulu tating'ono kwambiri, tomwe akatswiri amati Sphaeriidae, sitikula kuposa chikhadabo. Kalikonse n'kakamuna komanso kakakazi, ndipo kamalera ana ochepa m'thupi mwake mpaka atuluke ali kale ndi zigoba. Gulu la Corbicula, la zigoba zokhuthala zooneka ngati kadengu, limabereka ana ambirimbiri ang'onoang'ono amene amatengedwa ndi madzi.

Zikuluzikulu, monga Coelatura, Mutela ndi Chambardia, zili ndi njira yodabwitsa. Mayi amatulutsa timphutsi tochepa ngati njere za mchenga, ndipo kalikonse kayenera kumatirira pa nsomba, pa makha, pa zipsepse kapena pakhungu. Kamakhala pamenepo masabata angapo kakusintha thupi, kenako kamagwera pansi n'kuyamba moyo wa m'thope. Kakapanda kupeza nsomba yoyenera kamafa m'masiku ochepa. Geoffrey Fryer, katswiri wa ku Britain amene anagwirapo ntchito ku Nkhata Bay m'zaka za m'ma 1950, ndiye anafotokoza mu 1961 momwe mphutsi za Mutela zimakulira pa nsomba ku Uganda. Ndiye kuti tsogolo la nkhombe zazikulu lili pamsana pa nsomba.

Mtundu umodzi, moyo wosiyana

Zomwe zakhala zikuchititsa chidwi akatswiri n'zakuti nkhombe za mtundu umodzi sizikhala moyo wofanana paliponse. Msinkhu umene zimayamba kubereka, chiwerengero cha ana, kukula kwa chigoba ndi zaka zomwe zimakhala ndi moyo, zonsezi zimasintha malinga ndi madzi omwe zili.

Mu 1980 akatswiri atatu a ku Ohio m'dziko la America, Way, Hornbach ndi Burky, anayerekeza kankhombe kotchedwa Musculium partumeium m'maiwe awiri. Dziwe lina linkaphwa chaka ndi chaka, lina silinkaphwa. M'dziwe lophwalo munkabadwa m'badwo umodzi pa chaka. Makolo ankabereka madzi atatsala pang'ono kutha, iwo n'kufa, ndipo ana ankatseka zigoba n'kugona pansi pa masamba onyowa mpaka madzi atabwerera. M'dziwe losaphwa, kankhombe komweko kankatulutsa mibadwo iwiri pa chaka.

Ku Ulaya kuli chitsanzo china chachikulu. Nkhombe ya Margaritifera margaritifera imapezeka kuyambira ku Spain mpaka kumpoto kwenikweni kwa Sweden, Finland ndi Russia. Ku Spain, komwe madzi ndi ofunda, imakula msanga n'kufa isanapitirire kwambiri zaka 35 kapena 40. Kumpoto kozizira imakula mwa kachetechete, ndipo zina zapezeka zitapitirira zaka 150. Ngakhale maonekedwe amasintha. Mu 1920 Arnold Ortmann anaona kuti m'mitsinje ya ku America, nkhombe za kumtunda komwe mtsinje ndi waung'ono zimakhala zophwatalala, pomwe zinzake za mtundu womwewo kumunsi, m'madzi aakulu, zimakhala zonenepa.

Mlimi sangavutike kumvetsa chifukwa chake. Kumene mvula imadula msanga, amadzala mbewu yocha msanga ngakhale zitsononkho zake zikhale zazing'ono. Kumene mvula ndi yodalirika, amadzala yokhalitsa m'munda yomwe imadzaza nkhokwe. Nkhombe nayo ili ndi chakudya chowerengeka chomwe iyenera kugawa patatu: kumanga chigoba, kubereka, ndi kusunga mphamvu za nthawi ya mavuto. Ikaika zambiri pa chimodzi, zinazo zimaperewera. M'madzi osadalirika, yomwe yachedwa kubereka imafa osasiya mbewu, choncho kumeneko lamulo ndi lakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. M'madzi okhazikika imapindula ndi yomwe yayamba yakula, chifukwa thupi lalikulu limanyamula mazira ambiri kwa zaka zambiri. Kutentha kwa madzi kumafulumizitsa zonse za m'thupi, kukula ndi kukalamba komwe, ndipo kuchuluka kwa laimu m'madzi kumathandiza kukhwimitsa chigoba.

Funso lomwe limatsala ndi lakuti kodi kusiyanaku n'kwa kumtundu kapena n'kongotengera malo. Akatswiri amayesa posinthanitsa: amatenga ana a m'dziwe ili n'kuwalerera m'dziwe ilo, kapena kulera onse m'madzi amodzi. Akayamba kufanana, ndiye kuti anali malo. Akapitiriza kusiyana, ndiye kuti zinalowa m'magazi. Kawirikawiri amapeza zonse ziwiri zili pamodzi.

Kafue si madzi amodzi

Munthu akaima pa mlatho wa msewu wa ku Chirundu ndi Livingstone amaona mtsinje umodzi, koma kwa nkhombe pali maiko angapo. Pali mtsinje weniweni, wakuya ndi wosaphwa. Pali matamanda a m'chigwa cha Kafue Flats, chomwe ndi chachikulu masikweya kilomita pafupifupi 6,500, ndipo ena mwa matamandawo amauma chilimwe. Pali ngalande zochokera m'minda, m'makomboni ndi m'dera la mafakitale. Palinso maiwe oweteramo nsomba, omwe madzi ake ndi obiriwira ndi chakudya.

Malinga ndi zomwe zapezeka kwina, malo aliwonsewa amafuna kakhalidwe kake. M'thamanda louma mumapulumuka tating'ono tobereka msanga, kapena zazikulu za gulu la Chambardia ndi Aspatharia, zomwe zimadziwika kuti zimadzikwirira m'thope, kutseka zigoba zolimba n'kukhala miyezi yambiri popanda madzi. Mu mtsinje wakuya mungakhale zokula pang'onopang'ono ndi zokhalitsa.

Kalendala yakale ya madziwa inasinthidwa ndi madamu awiri. La Kafue Gorge, kumunsi kwa tauni, linatsekedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo madzi ake amabwerera m'mbuyo mpaka kupitirira tauniyo. La Itezhi-Tezhi, kumtunda kwa chigwa, linatha mu 1977. Kuyambira pamenepo madzi amasefukira ndi kuphwera motsatiranso zofuna za magetsi. Malo ena omwe ankauma anasanduka amadzi chaka chonse, monga thamanda la Chunga ku Lochinvar, pomwe ena anasiya kusefukira monga kale. Okonza damu la Itezhi-Tezhi anaika lamulo lotulutsa madzi ochuluka, makyubiki mita 300 pa sekondi, m'mwezi wa March pofuna kutsanzira kusefukira kwa chilengedwe. Kwa nyama yomwe imayenda mamita ochepa pa tsiku, madzi akaphwera mwadzidzidzi palibe kothawira.

Sikuti damu limangowononga ayi. Nyanja ya Kariba itadzaza, nkhombe zinaswana kwambiri moti kafukufuku wa Cecil Machena ndi Nils Kautsky wa mu 1988 anapeza kuti pa kulemera kwa tinyama tonse ta pansi pa nyanjayo, gawo loposa 90 pa 100 linali la nkhombe. Madzi akasintha, mitundu ina imapeza mwayi pomwe ina imazimirira.

Ana ndi amene amayamba kufa

Madzi oipa akafika, nkhombe yaikulu imatseka zigoba n'kudikira kwa maola kapena masiku. Mwana sangathe. Chigoba chake n'chopyapyala, ndipo amakhala m'kati mwa thope momwe zoipa zimadikha. Kafukufuku waonetsa kuti ana a nkhombe amafa msanga ndi kopa komanso amoniya, kuposa nsomba zambiri. N'chifukwa chake mu 2013 bungwe loteteza chilengedwe la boma la America linakhwimitsa mlingo wa amoniya wololedwa m'mitsinje, poganizira nkhombe.

Zinthu ziwirizi si zachilendo mu Kafue. Amoniya amachokera m'zonyansa za m'zimbudzi, ndowe za ziweto ndi feteleza wokokoloka m'minda, ndipo zomwezi ndi zomwe zinanenepetsa namasupuni amene anaphimba mtsinjewu m'zaka za m'ma 1990. Kopa amachokera kumigodi. Pa 18 February 2025 damu losungira zotsalira za mgodi la Sino-Metals Leach Zambia ku Chambishi linagumuka, ndipo malita osachepera 50 miliyoni a madzi a asidi analowa mu Mwambashi n'kutsikira mu Kafue. Nsomba zinafa ndipo mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi. Chambishi ili kutali kwambiri ndi tauni ya Kafue, ndipo pakati pali nyanja ya Itezhi-Tezhi, koma phunziro ndi limodzi: paliponse pamene nsomba zafa, mphutsi za nkhombe zatayanso chokwera.

Palinso mlendo wina. Nkhanu ya ku Australia ya zala zofiira, Cherax quadricarinatus, yomwe asodzi amangoti crayfish, inafalikira mu Kafue kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Asodzi amaidandaula chifukwa imadya nsomba zokodwa mu ukonde. Imadya chilichonse cha pansi pa madzi, ndipo tizigoba tofewa sitiivuta.

Apa ndiye pagona chinyengo. Popeza nkhombe zina zimakhala zaka zambiri, mtsinje ungathe kuoneka wodzaza nazo pamene kubereka kunaleka kalekale. Zili ngati mudzi womwe mwatsala nkhalamba zokhazokha: utsi ukufuka m'nyumba zonse, koma pabwalo palibe mwana akusewera. Ku Ulaya mitsinje yambiri ya Margaritifera ili choncho lero. Motero wofuna kudziwa thanzi la mtsinje sangowerenga nkhombe, amaziyeza kutalika kuti aone ngati misinkhu yonse ilipo. Mizere ya pachigoba imathandiza, chifukwa imasonyeza nthawi zomwe kukula kunaima kaamba ka chisanu, chilala kapena madzi oipa, ngakhale kuti kuno kotentha mzere umodzi sutanthauza chaka chimodzi nthawi zonse. Ku Warsaw m'dziko la Poland anafika poika nkhombe zisanu ndi zitatu pamalo opopera madzi a mumzinda, zolumikizidwa ku kompyuta, kuti zambiri zikatseka zigoba nthawi imodzi ogwira ntchito achenjezedwe.

Kusefa madzi kwa nkhombe kuli ndi chenjezo kwa anthu. Zomwe nkhombe yasefa zimatsala m'thupi mwake, tizilombo toyambitsa matenda a m'mimba ndi zitsulo zomwe. Kuphika bwino kumapha tizilombo, koma sikuchotsa kopa kapena mtovu. Nkhombe zotoledwa pafupi ndi ngalande za zonyansa kapena za mafakitale si zoyenera kudya, ngakhale kudyetsa nkhumba ndi abakha.

Ntchito yoyang'anira thanzi la mtsinje siifuna makina odula. Asodzi, aphunzitsi a sayansi ndi ana asukulu a mu Kafue angathe kusankha malo amodzi m'mbali mwa mtsinje, kutola zigoba zouma October aliyense, kuziyeza ndi rula n'kulemba m'kope. Mukapeza zazikulu ndi zazing'ono pamodzi, mtsinje ukubereka. Mukapeza zazikulu zokha zaka zotsatizana, kapena mulu wa zongofa kumene nyama ikadali m'kati, kauzeni a Dipatimenti ya Nsomba kapena a bungwe loteteza chilengedwe la ZEMA tsiku lomwelo, chifukwa madzi omwe apha nkhombezo ndi omwenso timatunga.