Zotsala za Khirisimasi: Keke ya pa Mbaula ndi Nthano za Ofufuza

Phwando la Khirisimasi limatha tsiku limodzi, koma limadya ndalama za mwezi wathunthu. M'makomboni mwathu muno mu Lusaka, kuyambira ku Kanyama, Matero ndi George mpaka ku Chawama, Kalingalinga ndi Mtendere, banja limene ladya nsima ya kapenta chaka chonse limayesetsa kuti pa 25 Disembala pakhale mpunga, nkhuku ndi buledi. Kukacha pa 26, m'miphika mumakhala zotsala, m'thumba mulibe kanthu, ndipo Januwale ali pakhomo ndi lendi, yunifolomu ndi makope a sukulu. Ana nawo ali patchuthi ndipo mvula yawatsekera m'nyumba. Mwezi uno tikambirane zinthu ziwiri zimene zingathandize banja m'masiku amenewa: kuphika keke ndi zotsala za phwando, ndiponso kuwerengerana nthano za ofufuza milandu podikira kuti kekeyo ipse.

Nthano zake ndi zotani?

Angerezi ali ndi mwambo wakale wolemba nthano za milandu yochitika pa Khirisimasi. Zambiri mwa izo ndi za mtundu umene lero amautcha cozy mystery, ndiye kuti nthano ya chinsinsi yosaopsa mtima. Mulibe zolaula, ndipo wolemba sachedwa ndi kufotokoza za magazi. Mlandu umagwa pakati pa anthu odziwana, ndipo wofufuza amagwiritsa ntchito maso ndi nzeru m'malo mwa mfuti. Titchule zitatu zoyenera banja lonse, popeza m'kati mwake simufa munthu.

Yoyamba ndi The Adventure of the Blue Carbuncle, imene Arthur Conan Doyle adafalitsa mu Januwale 1892. Patapita masiku awiri chichitikire Khirisimasi, Sherlock Holmes akuyang'anitsitsa chipewa chakale chimene munthu wina adataya mumsewu wa ku London pamodzi ndi tsekwe wa ndiwo. M'mimba mwa tsekweyo mukupezeka mwala wamtengo wapatali umene udabedwa ku hotela, pamene mmisiri wosalakwa ali kale m'manja mwa apolisi. Holmes akulondola kumene tsekweyo adachokera mpaka kupeza wakuba weniweni.

Yachiwiri ndi The Flying Stars ya G. K. Chesterton, ya m'buku la 1911 lotchedwa The Innocence of Father Brown. Wofufuza wake ndi wansembe wamfupi, wooneka wopusa, amene amadziwa mitima ya anthu chifukwa cha zaka zambiri zomvera olapa. Pa 26 Disembala, mbala yotchuka dzina lake Flambeau ikuba miyala itatu ya dayamondi pakati pa sewero la pabanja. Bambo Brown akuipeza m'munda, ndipo m'malo moitana apolisi akuichenjeza za kumene njira yakeyo imathera, mpaka mbalayo ikubweza miyala ija. Chesterton adalemba nthanoyi asanalowe Mpingo wa Katolika. Adalowa mu 1922, ndipo adamulandira ndi Bambo John O'Connor, wansembe yemwe adamupatsa maganizo olenga Bambo Brown.

Yachitatu ndi The Adventure of the Christmas Pudding ya Agatha Christie, ya mu 1960, m'mene Hercule Poirot akusaka mwala wofiira wa mwana wa mfumu, ndipo chinsinsi chili m'chakudya cha phwando. Olemba a masiku ano adapitirira pamenepo, nayamba kuika malangizo ophikira m'mabuku mwawo. Joanne Fluke wa ku America adayamba mu 2000 nthano za mayi wogulitsa mabisiketi, ndipo Sally Andrew wa ku South Africa adatulutsa Recipes for Love and Murder mu 2015. Awa ndi oyenera akuluakulu.

Mabuku otere amapezeka kwa ogulitsa mabuku akale m'misewu ya m'tauni, ndipo nthano za Doyle ndi Chesterton zimawerengeka kwaulere pa intaneti. Chingerezi chisatiopse. Mwana wa ku sekondale awerenge ndime imodzi, aifotokoze m'Chinyanja, kenaka aliyense, ngakhale agogo, anene amene akumuganizira. Si zachilendo kwa ife zimenezi. Makolo athu amakumbukira m'mene mabanja ankazungulirira wailesi m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 kumvera Julius Chongo pa pulogalamu ya Poceza m'Madzulo.

Ku khitchini

Wofufuza wabwino amatola chimene ena achiyesa chinyalala, monga chipewa chakale chija. Mayi wodziwa kusamala banja amachitanso chimodzimodzi ndi mkute. Lipoti la bungwe la United Nations loona za chilengedwe, limene lidatuluka mu 2024, lidati mu 2022 dziko lapansi lidataya matani oposa biliyoni imodzi a chakudya, ndipo magawo 60 pa 100 alionse adatayika m'makomo. Tonse tikudziwanso kuti Ambuye atadyetsa anthu 5,000 adalamula kuti makombo atoledwe, ndipo adadzaza madengu 12.

Buledi wouma ndiye woyamba kutayidwa, chonsecho ndiye wosavuta. Tengani magawo 8, muwanyeme m'mbale. Menyani mazira 2 pamodzi ndi makapu 2 a mkaka ndi masupuni 4 a shuga, muthire pa bulediyo, ndipo muusiye mphindi 15 kuti umwe. Pakani mafuta mumphika, thiranimo, vundikirani. Wopanda uvuni asade nkhawa: chepetsani makala pa mbaula, ambiri muwaike pamwamba pa chivundikiro. Pakatha mphindi 30 kapena 40, bayani ndi mpeni. Ukatuluka wouma, yapsa.

Nthochi zakuda makoko zimapanga chikondamoyo chabwino. Kanyani nthochi 4, sakanizani ndi makapu 2 a ufa wa mgaiwa, kasupuni kamodzi ka soda, kamchere ndi mkaka wokwanira kuti phala lake likhale lolimba pang'ono, ndipo muphike monga tafotokozera. Mpunga wotsala, mukauphatikiza ndi dzira ndi fulawa pang'ono, umasanduka zitumbuwa. Timinofu ta nkhuku tokazinga ndi anyezi timalowa m'masamusa.

Chenjezo la nyengo ya mvula

Paja adati walira mvula walira matope. Khirisimasi yathu imagwa m'nyengo yotentha ndi yachinyezi, ndipo pamene magetsi azima firiji sithandiza. Nyama ndi mpunga zisagone pabwalo. Zikaphikidwa, zisapitirire maola awiri zisanadyedwe kapena kuikidwa pozizira. Mpunga uli ndi vuto lakelake: tizilombo tina timapirira moto, ndipo mpungawo ukakhalitsa pofunda timatulutsa poizoni amene satha ngakhale muutenthetsenso. Mpunga wotere ndi woyenera kutaya, ngakhale usakununkha. Buledi wa nkhungu nayenso asalowe mumphika.

Kolera sitinaiiwale. Mu Januwale 2018 boma lidaletsa kuyenda usiku ku Kanyama ndipo misika ina idatsekedwa. Mliri umene udayamba mu Okutobala 2023 udapha anthu oposa 700 m'dziko muno; bwalo la National Heroes Stadium lidasanduka chipatala, ndipo sukulu zidatsegulidwa mu Febuluwale 2024 m'malo mwa Januwale. Choncho madzi okandira ufa akhale owiritsa kapena othira kolorini, manja asambidwe ndi sopo, ndipo chakudya chivundikiridwe kuopa ntchentche.

Keke ikapsa, tisaiwale khomo loyandikana nalo. M'komboni iliyonse muli nkhalamba ndi odwala amene phwando lidawadutsa, ndipo a m'mphakati mwathu amawadziwa mayina. Kupatsa nkuika. Tumani mwana ndi kambale kotentha, ndipo ngati agogowo ali ndi mphamvu, aitaneni adzakhale nanu mpaka wakuba adziwike.