Kusanjikiza Mawu pa Kompyuta: Phunziro la ku Kwaya

Masiku ano kwaya ya mpingo sifunikanso kukwera basi kupita ku Lilongwe kuti ikajambule nyimbo. Ngakhale pamalo a malonda ngati pa Santhe, m'boma la Kasungu, wachinyamata amene ali ndi laputopu, maikolofoni ndi kiyibodi angathe kujambula chimbale chonse m'kachipinda kamodzi. Komabe nthawi zambiri nyimbo zotere zimatuluka zili phala lokhalokha: zoimbira zikulira zonse pakamodzi, mawu a oimba osamveka. Kwaya imene yasonkha ndalama zake zokolola itagulitsa imangopukusa mitu. Gwero la vutoli kawirikawiri ndi kasanjikizidwe ka mawu.

Synthesizer ndi chida chimene chimapanga mawu kuchokera ku mafunde a magetsi, osati ku nsambo kapena chikopa cha ng'oma. Kale chinali makina olemera, koma kuchokera pamene kampani ya Steinberg ya ku Germany inayambitsa njira ya VST m'chaka cha 1996, zida zotere zinayamba kulowa m'kompyuta ngati mapulogalamu. Ambiri kuno amagwiritsa ntchito FL Studio, ya kampani ya Image-Line ya ku Belgium. Palinso ena aulere, monga LMMS ndi Vital, amene Mkhristu angagwiritse ntchito popanda kuba pulogalamu ya eni ake.

Kusanjikiza ndiko kuimba noti imodzi ndi mawu awiri kapena atatu nthawi imodzi, kuti khutu limve ngati chida chimodzi chonenepa. Amene amaimba kiyibodi kutchalitchi amazidziwa kale: batani lolembedwa Dual pa Yamaha kapena Layer pa Casio limachita zomwezi. Mu FL Studio muli kachida kotchedwa 3x Osc, kamene kamaphatikiza mafunde atatu.

Ife a Adventist tili ndi mwayi, chifukwa tinakulira m'nyimbo za magawo anayi. Sopurano amanyamula nyimbo, aluto ndi tena amadzaza pakati, besi amagwira pansi. Onse atati aimbe sopurano, phokoso lingachuluke koma kukoma kungathe. Lamulo la kusanjikiza ndi lomweli: gawo lililonse likhale ndi ntchito yake ndi malo ake.

Ntchito yoyamba ndi ya nthawi. Piyano imayamba mwamphamvu kenako mawu ake amazilala msanga. Mawu ofewa otchedwa pad amayamba pang'onopang'ono koma amakhalitsa. Mukaziphatikiza, piyano imapereka chiyambi cha noti, pad n'kugwirizira mpaka oimba atapuma. N'chifukwa chake ziwirizi zimagwirizana kwambiri m'nyimbo zodekha za mapemphero. Koma kusanjikiza mapiyano awiri ofanana sikuwonjezera kanthu.

Ntchito yachiwiri ndi ya malo. Khutu la munthu limamva kuyambira pa 20 Hz mpaka pafupifupi 20,000 Hz, ndipo Hz ikutanthauza kuchuluka kwa kunjenjemera pa sekondi imodzi. Nsambo yotsika kwambiri ya gitala ya besi imalira pa 41 Hz. Zilembo monga s, t ndi k, zimene zimathandiza kusiyanitsa liwu ndi linzake, zimamveka kwambiri cha pakati pa 2,000 ndi 4,000 Hz. Pad yowala kwambiri ikakhala pamenepo, imaphimba uthenga wa nyimbo. Chida chotchedwa EQ chimathandiza kudula: chotsani zapansi pa piyano ndi pad kuti besi apume, ndipo tsitsani zoimbira pamalo pamene pali mawu a anthu.

Kumbukiraninso kumene nyimbo yanu ikamvedwere. Anthu ambiri a ku Santhe, ku Kasiya kapena ku Chinkhoma adzailandira pa WhatsApp kapena pa memori khadi n'kuimvera pafoni kapena pa kawailesi. Sipika ya foni siingathe kutulutsa mawu otsika ngati 41 Hz. Choncho besi amafuna magawo awiri: lapansi losalala, la masipika akuluakulu a kumsonkhano wa misasa, ndi lapamwamba lokhakhala pang'ono, limene foni ingatulutse. Popanda gawo lachiwirili, besi amasowa ngakhale mu situdiyo amagwedeza mawindo.

Pali misampha iwiri. Woyamba ndi wakuti mafunde awiri ofanana angathe kudyana. Lina likamakwera pamene linzake likutsika, zimafafanizana, ndipo besi amawonda m'malo monenepa. Mvetserani nyimbo yanu pa sipika imodzi yokha. Ngati china chasowa, pali magawo amene akulimbana. Wachiwiri ndi kusachuna bwino. Noti ya A imalira pa 440 Hz. Mukaika ina pa 443 Hz, mudzamva kugunda katatu pa sekondi. Kusiyana kochepa kotere kumakometsa pad, monga mmene mawu a anthu khumi amakomera kuposa a munthu mmodzi, koma pa besi kumasokoneza.

Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Pulogalamu imodzi imakhala ndi mawu mazanamazana, ndipo mtima umafuna kuika onse. Njira yodziyesera ndi yapafupi: zimitsani gawo limodzi n'kumvetsera. Ngati palibe chasintha, lichotseni. Kenako itanani munthu amene saidziwa nyimboyo, aimvere pafoni, ndipo anene mawu amene wamva.

Pa 1 Akorinto 14:7-9, Paulo akufotokoza kuti ngakhale chitoliro ndi zeze ziyenera kulira mosiyanitsa bwino kuti womva azindikire chimene chikuimbidwa, ndipo akuti n'chimodzimodzi ndi mawu athu. Wojambula nyimbo za Mulungu ali pansi pa muyeso womwewo. Ngati agogo akumudzi sakutha kutsatira mawu a nyimbo, ntchito isanathe, bwererani pa kompyuta muchotse gawo lina.