MFUTI YA GOGODERA YATSOPANO: CIFUKWA CACE ZINA ZIMAPHULIKA

Cimanga cikatulutsa ngaiyaye ndi kuyamba kubereka, alimi a m'midzi yoyandikana ndi minda ya tiyi ku Thyolo sakhalanso ndi mtendere. Apusi ndi anchima amatuluka m'timankhalango timene eni minda anasiya m'mbali mwa mitsinje, ndipo m'mawa umodzi wokha amatha kuononga nchito ya miyezi itatu. Akulu akulu amakumbukira kuti nkhalango ya pa phiri la Thyolo isanadulidwe, nguluwe nazo zinkafika usiku ndi kufumbula mizere yonse. Ncifukwa cace pa maulendo athu oyendera minda tafunsidwa kawiri kawiri za mfuti ya gogodera, ija yothira wonga ndi cipolopolo ca kukamwa ndi kutsindira ndi kamtengo.

Mlimi wina anationetsa yace tsiku limene anaigula. Anaitembenuza uku ndi uku monga acitira munthu wogula fodya, natisonyeza kunyezimira kwa citsulo ndi kusalala kwa mtengo wace, ndipo anati pakuti ndi yatsopano palibe coopa. Pamene tinabwererako nyengo yokolola tinampeza dzanja lamanzere liri lomanga nsanza, zala ziwiri palibe. Mfuti inang'ambika pa kuomba kwacisanu ndi cimodzi. Munthuyo khasu amaligwira movutika tsopano, ndipo kusoka fodya anasiyira mkazi wace ndi ana. Makolo anati cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Cirema ca mfuti cimakhala m'kati mwa citsulo, kumene diso silifika, ndipo mfuti yatsopano ndiyo imene cirema cace sicinaonekere munthu ali yense.

Tiyambe taona cimene cimacitika munthu akakoka cala. Moto ukafika pa wonga, wongawo umapsa nthawi yomweyo nusanduka mpweya wotentha wofuna malo akulu kwambiri kuposa m'mene watsekeredwa. Mpweyawo sudziwa kumene kuli nyama. Umakankha mbali zonse mofanana: kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali. Cipolopolo cimatuluka cifukwa ndico citseko cofewa koposa zonse. Koma ngati pa mpope wa mfuti pali malo ena ofooka kuposa citseko cimeneci, mpweya umatulukira pomwepo. Ndipo mphamvu yaikulu imakhala kumunsi kwa mpope, kumene wonga umapsera, ndiko kufupi ndi nkhope ya woomba ndi dzanja lace lamanzere.

Mipope ya mfuti zakale sinali kuboolewa m'citsulo camphumphu iai. Wosula ankatenga citsulo caphanthi cacitali, nacifiiritsa pa moto, nacipinda mozungulira ndodo yacitsulo, ndipo ankamenya ndi nyundo pamene milomo iwiri yakomana kufikira italumikizana. Motero mpope wonse unali ndi msoko kucokera kumunsi kufikira kukamwa. Msoko umenewu sunali kumenyedwa nthawi imodzi, koma pang'ono pang'ono, kubwezera pa moto kambiri. Tsono moto ukacepa pa malo amodzi, kapena kakhala kapena dothi likalowa pakati pa milomoyo, citsulo cinkangogundana osagwirana. Pambuyo pace wopala ankapala kunja, wina napaka mafuta, ndipo malo aja sankaonekanso ngakhale kwa wosula mwini wace. Mfuti yotere iri ngati thumba limene wosoka analumpha pena: lopanda kanthu limaoneka labwino, koma thiranimo cimanga muone.

Cirema caciwiri ndi ca kaboolewe. Ali yense amene anaonapo mtondo wosemedwa mopendekeka akudziwa kuti mbali imodzi imatsala yocindikala, ina yopyapyala, ndipo umang'ambikira kopyapyalako. Cimodzimodzi mpope wa mfuti: cibowo cikapatuka pang'ono pakati, kunja kuoneka bwino lomwe, koma khoma la mbali imodzi latsala ngati cikopa.

Cacitatu ciri pa citsekero ca kumunsi. Mpope wa gogodera umatsekedwa kumbuyo ndi citsulo copotera m'kati, cokhala ndi mizere imene amisiri amati mazinga. Mazinga akakhala osazama, kapena citsulo cace cikakhala cofewa, citsekero cimagwira pa kuomba koyamba ndi kwaciwiri, koma ciri kumasuka pang'ono pang'ono, ndipo tsiku limene cidzacoke cidzalunjika pa diso la mwini mfuti. Kabowo kolowera moto, pamene pamakhala kacipewa kamkuwa kamene ena amati fataki, nako kakapotedwa mosasamala kamathothoka. Palinso cirema ca kanyundo: mano ogwira kanyundo akapanda kuumitsidwa bwino pa moto amaperepeseka msanga, ndipo mfuti imalira yokha munthu akangopunthwa nayo.

Alimi a fodya mukudziwa kuti katundu sagulidwa ndi mau a mwini wace. Ciyambire 1938, pamene msika wa fodya unatsegulidwa ku Limbe, belo liri lonse limamasulidwa kuti ogula aone tsamba ndi kuligwira. M'mafakitale a tiyi a kuno ku Thyolo muli munthu amene nchito yace ndi kulawa tiyi wopangidwa tsiku limenelo asanapite ku msika. Koma tsamba limaoneka, tiyi amalawika. Citsulo sicilawika. Anthu a ku Ulaya atataya zala ndi maso ambiri anapeza kuti njira iripo imodzi: mfuti iombedwe ndi wonga woposa muyeso wace, kopanda munthu pafupi, isanagulitsidwe.

Ku London bungwe la amisiri a mfuti linalandira mphamvu ya kuyesa mfuti mu 1637. Ku Liège, m'dziko la Belgium, lamulo lokakamiza kuyesa mipope linaikidwa mu 1672. Ku Birmingham, mzinda umene unasula mfuti zambiri zobwera ku Africa, nyumba yoyesera mfuti inakhazikitsidwa ndi lamulo mu 1813, ndipo ikugwirabe nchito kufikira lero. Kayesedwe ka masiku akale kanali kotere: mipope yambiri inkathiridwa wonga wocuruka ndi cipolopolo, nkuindanditsa pansi m'cipinda ca makoma olimba, kukamwa kutaloza mulu wa mcenga. Ankatseka zitseko, nayatsa mzere wa wonga ali kunja, ndipo yonse inkalira pamodzi. Yosweka inkatayidwa. Yotsala sinkangolandiridwa ai. Ya mfuti wamba inkasiyidwa tsiku lathunthu yosatsuka, kuti mwaye wa wonga ulowe m'ming'alu yaing'ono ndi kuionetsa, ndipo pambuyo pace woyang'anira ankapenya mpope uli wonse m'kati ndi kunja kufuna potupa. Wopambana mayeso ndiwo unkadindidwa cidindo kumunsi. Lamulo la 1868 limanena za mayeso awiri, loyamba mpope usanamalizidwe, laciwiri mfuti itatha, pakuti wopala angathe kupyapyalitsa mpope umene unali wolimba. Ku England kugulitsa mfuti yosayesedwa ndi mlandu.

Cimene timacita naco cidwi ife pa dongosolo limeneli ndi cakuti woyesa sali wanchito wa wosula. Wosula amafuna kugulitsa, ndipo munthu sakhala mboni yabwino ya katundu wace.

Koma si mfuti zonse zofika kuno zimene zinali zabwino. Zimene amalonda ankabwera nazo kudzera ku Quelimane ndi m'mitsinje ya Zambezi ndi Shire, kusinthanitsa ndi minyanga ndi akapolo, zambiri zinali zotsika mtengo kweni kweni, zosulidwa ndi citsulo ca pansi, mtengo wace wopakidwa utoto wowala kuti zikope maso. Mu 1890 maiko a ku Ulaya anapangana ku Brussels kuti m'cigawo cacikulu ca Africa, cimene dziko lino liri m'kati mwace, anthu akuda asagulitsidwe mfuti zamakono, koma zakale zokha zoyatsa ndi mwala pamodzi ndi wonga wamba. Cotero mafakitale anapitiriza kusulira Africa mfuti zimene kwao anali atazisiya kale. Pa zina ankalembapo mau akuti TOWER kapena London, kutsanzira mfuti za asilikari ndi za amisiri ochuka. Dzina lolembedwa pa mfuti si cidindo ca mayeso. Cidindo ca ku Liège cimene cimapezeka kawiri kawiri pa mfuti zakale ndi malemba ELG ali m'kati mwa mzere wozungulira ngati dzira. Ca ku Birmingham ca zaka za pakati pa 1813 ndi 1904 cinali ndodo ziwiri zacifumu zopingasana, korona pamwamba.

Wina angaganize kuti zirema izi zinatha pamene makina analowa m'malo mwa nyundo. Nzoona kuti mipope ya lero imaboolewa m'citsulo colimba copanda msoko, ndipo mafakitale a ku Italy, Spain ndi America akupangabe mfuti za gogodera zogulitsa kwa alenje okonda usodzi wa nyama wa makedzana. Koma mu 1997 kampani ya ku America yochedwa Connecticut Valley Arms inaitanitsa mfuti zace za mtundu wina zopangidwa mu 1995 ndi 1996 kuti eni ace azibweze, cifukwa mipope ina inali kuphulika ndi kupweteka anthu. Ku America kulibe lamulo lokakamiza kuti mfuti iri yonse ipite ku nyumba yoyesera. Makina amafulumiza nchito, koma akalakwa amalakwitsa mfuti zambiri mofanana.

Tsono tibwere kwathu. Gogodera watsopano amene mlimi wa kuno angampeze lero sacokera ku fakitale, koma pa cipala ca m'mudzi. Sitinyoza osula athu. David Livingstone poyenda m'mapiri a Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akusungunula citsulo cao ndi kusula makasu, mikondo ndi nkhwangwa, ndipo zidzukulu zao ziri ndi luso lomwelo. Koma khasu likathyoka mlimi amangobwerera kunyumba wamphumphu. Mpope wa mfuti ya m'mudzi kawiri kawiri umakhala paipi ya madzi kapena citsulo cina cotoledwa, ndipo paipi ya madzi iri ndi msoko womwe uja tanena, wopangidwira kusunga madzi, osati moto wa wonga. Palibe amene anaiyesa, palibe cidindo, ndipo ikaphulika mwini wace sapita kukadandaula kuli konse, pakuti amadziwa kuti akadzitengera mlandu. Lamulo la mfuti la 1967 silirola munthu kusunga mfuti popanda ciphaso ca Boma, ngakhale kuipanga popanda cilolezo, ndipo gogodera nayenso ndi mfuti.

Ena amatiyankha kuti iwo amayesa okha: amamangirira mfuti ku mtengo, nathira wonga wambiri, nakoka ndi cingwe atabisala kuseri kwa culu. Tivomere kuti kutero kuposa kuyesera pa phewa. Koma kumeneko ndi theka cabe la mayeso, ndipo theka loopsa. Wonga wocuruka ungathe kuyambitsa mng'alu m'kati osauphulitsa, ndipo mwini mfuti, poona kuti yapirira, amainyamula mokondwa iri yofooka kuposa poyamba. Ku nyumba yoyesera muyeso wa wonga ndi wodziwika, ndipo nchito yeni yeni ndi ya wopenya uja amene ali ndi zida zopimira kutupa kumene cala sicingamve.

Kwa iye amene ali ndi ciphaso ndipo afuna kugula kapena kulandira gogodera, ziripo zimene maso ndi manja zingathandize, ngakhale sizilowa m'malo mwa cidindo. Coyamba atsimikize kuti mulibe wonga, polowetsa kamtengo kotsindira ndi kuyerekeza kutalika kwace ndi kunja kwa mpope, pakuti mfuti zambiri zimasungidwa zodzaza. Ayang'ane kukamwa ngati khoma liri lofanana mbali zonse. Ayendetse zala pa mpope wonse kumvera potupa kapena kamzere kotsata m'litali. Akaona pamene pathiridwa mtovu, kapena utoto wocindikala pa malo amodzi, afunse cimene cabisika pamenepo. Citsekero ca kumunsi cisagwedere ngakhale pang'ono, ndipo mwaye wakuda wozungulira citsekero kapena kabowo ka moto ndi cizindikiro cakuti mpweya wayamba kale kupeza njira. Akakoka kanyundo, akankhe ndi cala capakati kumbuyo kwace. Kakagwa kokha mano ace ndi ofewa.

Cidindo naco cimanena za tsiku limene mfuti inayesedwa, osati za lero. Mwaye wa wonga umakoka cinyontho, ndipo kuno ku Thyolo, kumene ciperoni cimanyowetsa ngakhale zovala za m'nyumba, mfuti yogona yosatsuka imadyeka ndi dzimbiri m'kati kunja kukali kowala. Ndiponso mpope wabwino umaphulika ngati cipolopolo sicinatsindiridwe kufikira pa wonga, ngati kukamwa kwalowa dothi, kapena ngati munthu waiwala nathira kawiri. Koposa zonse, wonga wa m'makatiriji a mfuti zamakono ndi mitu ya macesi siziyenera kulowa mu gogodera, pakuti mphamvu yace ndi yoposa imene mpope wace unapangidwira.

Mfuti imene yaonetsa cimodzi ca zizindikiro izi isaombedwenso, ndipo isagulitsidwe kwa mnansi monga acitira ena pofuna kubweza ndalama zao. Mwini wace akaipereke ku Polisi. Za apusi ndi anchima, mlangizi wa dera lanu angakuthandizeni kukambirana ndi a za nyama za kuchire, ndipo m'midzi ina alimi oyandikana minda amanga nsanja imodzi pakati, nalondera mosinthana ndi agaru kufikira cimanga citauma.