Tsiku limene "thank you" anandichititsa manyazi ku Chembe

Inali sabata yanga yoyamba pa ntchito yoperekera zakudya pa loji ina m'mudzi wa Chembe, ku Cape Maclear. Ndinanyamula mbale za chambo n'kumadutsa pakati pa matebulo a alendo. Monga mwana woleredwa bwino, ndinkanena kuti "thank you, thank you." Mayi wina wachizungu anacheuka n'kundifunsa kuti, "For what?" Ndinangoti kakasi. Anzanga kukhitchini anaseka mpaka misozi.

Usiku womwewo ndinaimbira foni malume anga, mphunzitsi wopuma ntchito amene amakhala ku Monkey Bay. Iwonso anayamba aseka kaye, kenako anati: "Mphwanga, wakulakwitsa ndi zikomo."

Ankanena zoona. Kwathu kuno zikomo amasenza katundu wambiri. Timathokozera, timapemphera njira, timayankhira amene watithokoza, ndipo tikagwira pamtima timakanira nsima tikakhuta. Chingerezi chimagawa ntchito zimenezi. Popempha njira amati "excuse me." Poyankha wothokoza, mawu ozolowereka ndi "you're welcome" kapena "my pleasure." Pokana chinthu amati "no, thank you," chifukwa "thank you" yekha ambiri amamva ngati wavomera.

Kuyambira pamenepo ndinatsegula maso, ndipo ndinaona kuti si ine ndekha. Zotsatira za MSCE zikangotuluka, pa Facebook pamadzaza "Thanks God ndakhoza!" Cholondola ndi "Thank God." Malume anandifotokozera kuti "thank" ndi mneni pomwe "thanks" ndi dzina. Ndiye kapena unene "thank you," kapena "thanks" basi, koma osaphatikiza kuti "thanks you."

China chimene chinkandipinga ndi "thank you for come." Mneni akabwera pambuyo pa "for" amafunika kutha ndi "-ing": "thank you for coming," "thank you for helping me." Chikakhala chinthu, palibe chosintha: "thank you for the gift."

Palinso "I appreciate," amene timakonda kutsekera naye mauthenga pa WhatsApp. Ife "ndayamikira" amakwana payekha, koma kwa eni chinenerochi chiganizocho chimamveka chodukiza. Amayembekezera "I appreciate it" kapena "I appreciate your help."

Nanga "greatful"? Mawuwa mulibe "great," amalembedwa "grateful." Munthu amene mukumuthokoza amatsatira "to," chinthucho chimatsatira "for": "I am grateful to you for this chance." Samalaninso ndi "thanks to you." Tanthauzo lake n'lakuti "chifukwa cha inu," ndipo munthu akhoza kuwanena pokudzudzulani.

Mwina mukuti, "Aaa, bola zamveka." Pocheza ndi anzanu, inde. Koma kuno kunyanja Chingerezi ndi ndiwo. Lake Malawi National Park, imene UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, imakopa alendo ofuna kuona nsomba za mbuna. Achinyamata ambiri timadyera pomwepo: ena amayendetsa maboti opita ku chilumba cha Thumbi, ena amagulitsa ziboliboli, ena tili m'maloji. Zokambirana zambiri zimachitikira pa foni, ndipo mlendo kapena bwana wolemba ntchito amayamba kuona uthenga wako asanaone nkhope yako.

Nditamaliza miyezi yoyeserera n'kulembedwa ntchito, ndinalembera abwana uthenga wothokoza. Chala chinali chitalemba kale "Thanks God." Ndinafufuta, n'kulemba kuti "Thank you for giving me this chance." Ndinawerenga katatu ndisanatumize.

Mayi uja anakhala nafe masiku angapo, ndipo ndinapeza mpata womufotokozera za zikomo wathu. Tsiku lonyamuka anandipeza nditaima pakhomo ndi thireyi m'manja, nditatseka njira. Anawerama pang'ono n'kunena kuti, "Zikomo." Ndinamupatukira, ndipo ulendo uno kukhitchini kunalibe woseka.