Zigayo za Mphepo za ku Holland

Kutali ku Ulaya kuli dziko lochedwa Nederland. Anthu ambiri amalicha Holland. Dzikoli ndi laling'ono ndipo ndi lacidikha. Lili m'mphepete mwa nyanja yamcere. Dziko limeneli mutaligawa panayi, pafupifupi gawo limodzi ndi lotsika kuposa madzi a m'nyanja.

Mvula ikagwa kumalo otsikawo, madzi sapita okha kumtsinje. Amangoima m'minda ndi pakhomo. Cifukwa cace anthu akale anaunjika dothi lalitali lochinga madzi. Anakumbanso ngalande zambiri. Kenaka anamanga zigayo za mphepo.

Cigayo ca mphepo n'ciyani?

Cigayo ca mphepo ndi nyumba yaitali yokhala ndi mapiko anayi. Mapikowo ndi aakulu kwambiri. Mphepo ikaomba, mapiko amazungulira. M'kati mwa nyumbayo muli magudumu a mtengo okhala ndi mano. Mapiko akazungulira, magudumu nawo amazungulira. Cigayo cotere sicifuna dizilo kapena magetsi. Cimafuna mphepo basi.

Zigayo zina zinkapera tirigu. Zina zinkaceka matabwa. Zina zinkayenga mafuta. Zinanso zinali zocotsa madzi m'minda. Cigayo cocotsa madzi cili ndi gudumu lalikulu pansi pace. Gudumulo limakankha madzi kucoka m'ngalande yotsika kupita m'ngalande yokwera. Kucoka pamenepo madzi amathiridwa mumtsinje. Motero minda imauma, ng'ombe zimapeza msipu, ndipo anthu amagona m'nyumba zouma.

Zigayo za ku Kinderdijk

Pafupi ndi mzinda wa Rotterdam pali mudzi wochedwa Kinderdijk. Kumeneko kuli zigayo 19. Zigayo 8 ndi za njerwa, ndipo zinamangidwa m'caka ca 1738. Zina 8 ndi za mitengo, zofoleredwa ndi bango, ndipo zinamangidwa m'caka ca 1740. Nchito yace inali kukweza madzi kuti apite mumtsinje wa Lek. Woyendetsa cigayo ankakhala m'kati momwemo pamodzi ndi mkazi wace ndi ana ace. Mpaka lero kuli mabanja amene amakhala m'zigayo zimenezi.

Zigayo zinayamba kutha

Kale dziko la Holland linali ndi zigayo pafupifupi 10,000. Kenaka kunabwera makina oyendera nthunzi, dizilo ndi magetsi. Makinawo ankagwira nchito ngakhale tsiku lopanda mphepo. Anthu anayamba kusiya zigayo zakale. Zina anazigwetsa. Zina zinapsa ndi moto. Zina zinawola ndi mvula. Lero zatsala pafupifupi 1,200.

Anthu ena ataona zimenezi anamva cisoni. Anadziwa kuti zigayo zikatha, ana sadzaona mmene makolo awo anagonjetsera madzi. M'caka ca 1923 anayambitsa bungwe lochedwa De Hollandsche Molen. Nchito ya bungweli ndi kuteteza zigayo kuti zisagwetsedwe.

Cigayo cimasamalidwa bwanji?

Cigayo cikangokhala osazungulira, cimaonongeka msanga. Mitengo yace imafumbwa. Zitsulo zace zimacita dzimbiri. Denga likayamba kudontha, palibe amene amaona. N'cimodzimodzi ndi nyumba yopanda munthu: sicedwa kugwa. Conco njira yabwino yosungira cigayo ndi kuciyendetsa.

Woyendetsa cigayo amayang'ana kumwamba kuti adziwe kumene mphepo ikucokera. Amatembenuza mutu wa cigayo kuti mapiko ayang'ane kumphepo. Mphepo ikacepa, amayala nsalu pa mapiko. Mphepo ikakula, amapinda nsaluzo. Kukamabwera mkuntho, amaimitsa cigayo ndi kumanga mapiko. Amapaka mafuta pamene pakukhulana. Mano a magudumu amawapaka phula la njuci. Amamvetseranso kulira kwa cigayo. Cikalira mwacilendo, amadziwa kuti penapace pavuta.

Amisiri nawonso amathandiza. Amacotsa matabwa owola ndi kuika atsopano. Amafolera bango lina pamene lakale latha. Amapaka utoto kuti mvula isalowe m'mitengo.

Nchito yoyendetsa cigayo imafuna kuphunzira. Akulu amene amaidziwa amaphunzitsa acinyamata. Ambiri amagwira nchitoyi mongodzipereka, popanda malipiro. Caka ciliconse, m'mwezi wa Meyi, kumakhala tsiku la zigayo. Pa tsikulo zigayo zambiri zimatsegulidwa. Ana ndi makolo awo amalowa m'kati ndi kuona magudumu akuzungulira.

Nyumba zakale

Anthu a ku Holland amasunganso nyumba zakale. Kumpoto kwa mzinda wa Amsterdam kuli malo ochedwa Zaanse Schans. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, nyumba zakale za matabwa zimene zinali pangozi yogwetsedwa anazinyamula pa magalimoto ndi pa mabwato. Anakaziimika pamalo amenewa, ndipo anazikonza bwino. Zambiri ndi zopaka utoto wobiriwira.

Cuma ca anthu onse

Bungwe la UNESCO lili ndi mndandanda wa malo ofunika kwa anthu a dziko lonse lapansi. Zigayo za ku Kinderdijk zinalembedwa pa mndandandawo m'caka ca 1997. Cisumbu ca Ilha de Moçambique, ca m'dziko lino, cinalembedwa pa mndandanda womwewo m'caka ca 1991. M'caka ca 2017, UNESCO inalemekezanso luso la oyendetsa zigayo a ku Holland.

Masiku ano madzi a ku Kinderdijk amacotsedwa ndi mapampu aakulu. Koma zigayo 19 zija zikadali ciimire, ndipo mapiko ace amazungulirabe. Zili conco cifukwa pali anthu amene amazisamalira ndi kuphunzitsa ana awo.

Mafunso

1. Kodi cigayo ca mphepo cili ndi mapiko angati?
2. Kodi zigayo za ku Kinderdijk zinkagwira nchito yanji?
3. N'cifukwa ciyani cigayo cosazungulira cimaonongeka msanga?
4. Funsani agogo: ndi cinthu citi cakale cimene cikusungidwa m'mudzi mwanu? Amacisamalira ndani?