Nyemba zikachedwa kupsa, musanamizire mtengwa

Mayi amene anakhalapo mumzinda wa Tete n'kubwerera kuno ku Ulongwe amadziwa kuti nyemba zimadya nkhuni zambiri kuno kusiyana ndi kuchigwa cha Zambezi. Ena amanamizira mphika, ena amati mtengwa ndi waulesi. Chonsecho nkhuni zikusowa, ndipo amayi akukatola kutali. Mlandu ndi wa mapiri athuwa.

Mpweya uli ndi kulemera kwake, ndipo umapanikiza madzi a mumphika. Munthu akamakwera kumtunda, mpweya womupanikiza umachepa. Izi anazitsimikiza mu 1648 paphiri la Puy de Dôme ku France, potsata nzeru za Blaise Pascal. Kupanikizako kukachepa, madzi amawira asanatenthe kwenikweni. Ku Tete amawira pafupi ndi madigiri 100. Kuno, pamtunda wa mamita oposa 1,200 kuchokera panyanja yamchere, amawira pa madigiri pafupifupi 96, ndipo pansonga pa Domwe ndi 93 basi. Kusiyanaku kukuoneka kochepa, koma nyemba zimakumva.

Apa tsono ndi pagona nkhani: madzi akangowira satenthanso kuposa pamenepo, ngakhale musonkhezere mtolo wonse. Nkhuni zoonjezerazo zimangosandutsa madzi kukhala nthunzi, inu n'kuthira ena ozizira, kuphika n'kubwerera m'mbuyo.

Viikani nyemba madzulo zigonere m'madzi. M'mawa zikawira, chotsani zikuni zina, musiye kamoto kochepa ndipo muvundikire mphika. Madzi oonjezera akhale otentha kale. Ikani kamphika kena pambali pa mafuwa.